Saluni ya ku Katoto imene imayamba yaona khungu la pamutu isanaluke

Saluni zambiri za mu Mzuzu zimadziwa kuluka, ndipo pa luso limeneli palibe chodandaula. Amene amasowa ndi malo oti mayi wothothoka tsitsi avule duku lake mopanda manyazi, n'kuuzidwa zoona za vuto lake m'malo mongomugulitsa botolo la mafuta. Saluni imene ndikuikamba pano ndi yaing'ono, ili kuseri kwa mashopu a ku Katoto, ndipo ndinaidziwa chifukwa cha mng'ono wanga amene tsitsi lake linayamba kuthothoka kwambiri patapita miyezi itatu chimwalirireni mwamuna wake.

Mwini saluniyi ndi mayi wachikulire amene kasitomala aliyense amamuitana kuti achemwali. Sanathamangire chipeso. Anatengera mng'ono wangayo kuseri kwa katani, kutali ndi galasi lalikulu, n'kuyamba kugawa tsitsi ndi zala pang'onopang'ono, akuyang'ana khungu kuyambira pachipumi, m'mbali mwa makutu, mpaka kunkhongo. Kenako anamufunsa ngati anadwalapo malungo aakulu posachedwa, ngati wabereka kumene, ngati akudya bwino, komanso ngati usiku akupeza tulo. Mafunso amenewa sanali ongofuna kucheza, chifukwa ndi omwewo amene dokotala amafunsa. Munthu wathanzi amataya titsitsi tapakati pa 50 ndi 100 pa tsiku osazindikira n'komwe, koma thupi likakumana ndi chinthu chachikulu monga matenda otentha thupi, uchembere kapena maliro, tsitsi lambiri limasiya kukula nthawi imodzi ndipo limadzathothoka patapita miyezi iwiri kapena itatu. Madokotala amalitchula vutoli kuti telogen effluvium, ndipo kawirikawiri tsitsi limayambanso kumera lokha chimene chinalisokonezacho chikatha. Popeza limakula pafupifupi sentimita imodzi yokha pa mwezi, mutu umatenga nthawi yaitali kuti udzaze monga kale, ndipo nthawi yodikira imeneyi ndi imene imapweteka kwambiri.

Apa ndi pamene ndinaona kusiyana kwa mayiyu ndi ena. Iye amadziwa kuti tsitsi ndi maganizo zimakokana mbali zonse ziwiri. Chisoni ndi nkhawa zimathothola tsitsi, makamaka munthu akasiya kudya mokwanira, ndipo tsitsi likamatsalira pa chipeso m'mawa uliwonse, chisonicho chimakula. Mng'ono wanga anali atasiya kupita ku kwaya ya kumpingo, ankakana kujambulidwa, ndipo ngakhale m'nyumba mwake sankavula duku ana ake ali pafupi. Ife abale ake tinkati ndi chisoni cha maliro basi, chidzatha. Mwini saluni anamvetsera zonsezi modekha, ndipo anamuuza mwaulemu kuti kusowa tulo, kusafuna chakudya, kutopa kosatha ndi kusasangalala ndi zinthu zimene unkazikonda zikapitirira milungu iwiri, amenewo angakhale matenda ovutika maganizo, ndipo ali ndi chithandizo monga matenda ena onse. Anatchula St John of God, amene kuno ku Mzuzu amathandiza anthu pa za umoyo wa maganizo, ndipo analangiza kuti apitenso ku chipatala chachikulu cha Mzuzu Central akayezedwe magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi matenda a chithokomiro nazonso zimathothola tsitsi komanso kufooketsa munthu mofanana ndi matenda a maganizo. Sanadziyese dokotala, ndipo sanatchule dzina la matenda alionse ngati kuti watsimikiza. Ichi ndinachilemekeza kwambiri.

Mng'ono wanga anapita ku saluniyi akufuna mesh yoti ibise malo opyapyalawo, koma mayiyu anakana, ngakhale kuti ntchitoyo ikanamupatsa ndalama zambiri kuposa imene anagwira. Anamuonetsa pa kagalasi kam'manja titsitsi tofupika ta m'mphepete mwa chipumi ndi tiziphuphu tating'ono pamene malukidwe akale ankakoka, n'kufotokoza kuti tsitsi lofooka likamangidwa mothina, kapena likaikidwa mankhwala owongola, mizu yake imavulala. Zimenezi n'zoona: kuthothoka kobwera chifukwa chokoka tsitsi kumachira munthu akasiya msanga, koma kukapitirira zaka mizu imafa ndipo pamalopo sipameranso kanthu. M'malo mwake anamutsuka ndi madzi ofunda, anadula nsonga zonyenyeka, ndipo analuka mizere ikuluikulu yosathina imene munthu atha kuvalirapo wigi yopepuka ngati akufuna. Manja ake ndi ofatsa, ndipo mng'ono wanga sanamve kuwawa ngakhale pang'ono.

Zofooka zilipo, ndipo china mwa izo n'chachikulu. Pa shelufu pali mabotolo a mafuta a nsatsi ndi ena osakaniza, okhala ndi mapepala olonjeza kuti tsitsi limera m'masiku ochepa, ndipo atsikana ogwira ntchito amawatsatsa mwamphamvu mwini wake akatuluka. Mafuta amafewetsa tsitsi ndi kuchepetsa kuduka, koma sameretsa tsitsi pamene mizu inafa, ndipo kwa munthu amene mtima wake ndi wosweka kale, lonjezo lolephereka limangowonjezera kukhumudwa. Mankhwala odzola amene madokotala amawavomereza pa mitundu ina ya dazi ndi minoxidil, amene amapezeka wa 2% ndi wa 5%, ndipo nawonso amafuna miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi kuti zotsatira zioneke, phindu lake limatha munthu akawasiya, komanso sayenera kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa. Ndikanakonda mabotolo olonjeza zambiriwo achotsedwe, chifukwa akutsutsana ndi uphungu wabwino umene mwini saluni amapereka yekha.

Chachiwiri ndi chinsinsi. Katani ija imabisa maso koma siibisa mawu, moti Loweruka kukadzaza anthu, nkhani ya kuseri imamveka kwa onse okhala pa benchi. Mtengo ndi wokwererapo kusiyana ndi oluka a mumsika waukulu, koma poganizira nthawi imene mayiyu amathera pa munthu mmodzi, sindikuona kuti ndi wodula.

Mng'ono wanga anapita kukayezedwa, ndipo pakali pano amaonana ndi mlangizi wa za maganizo. Tsitsi la m'mphepete layamba kutuluka, lofewa ngati la khanda, koma silinadzaze. Amene akufuna kupita ku saluniyi ndi vuto lotereli asankhe m'mawa wa pakati pa sabata, pamene kumakhala anthu ochepa, ndipo apemphe kuti awaone ndi mwini wakeyo, osati atsikana ogwira ntchito.