Sitima ya katundu si njira yotchipa yopitira kunja

Abale anga a ku Kasungu ndi Mchinji, fodya akangogulitsidwa ku Chinkhoma, madobadoba nawonso amadzuka. Nyimbo imene abwera nayo tsopano ndi ya sitima yapamadzi: tumizani K400,000 yolembetsera, tikakukwezeni pa Nacala kapena pa Beira, muzikapala dzimbiri ndi kutsuka mbale mpaka mukatsike ku Ulaya osalipira. Bodza lamkunkhuniza limenelo, ndipo ndalama ya mabelo anu ikungopita m'madzi.

Kukwera sitima ya makontena ngati mlendo kunalipodi. Malamulo a panyanja salola sitima yotere kunyamula alendo opitirira 12, ndipo zambiri zinkatenga anthu awiri, anayi, basi. Mtengo wake unali pakati pa ma euro 100 ndi 150 pa tsiku, chakudya ndi chipinda zili momwemo. Werengani nokha. Kuchoka ku Durban kukafika kumpoto kwa Ulaya ndi masabata atatu kapena kuposerapo, ndiye kuti mwataya ma euro pafupifupi 3,000, pomwe ndege ikanakufikitsani mawa lake ndi ndalama yochepera apo. Wofuna kuzungulira dziko lonse amakhala pamadzi miyezi itatu kapena inayi. Umenewu ndi ulendo wa azungu opuma pantchito, osati wa mnyamata wa ku Santhe amene wagulitsa ngolo ya bambo ake. Ndipo chibwerereni Covid-19 mu 2020, makampani ambiri anasiya kutenga alendo.

Zobisika zili pansi pa tikitiyo. Pali ndalama ya doko lokwerera ndi lotsikira. Pali inshuwalansi yapadera yolipira ngati mwadwala pakati pa nyanja sitima nkupatuka kukakutulani, poti dokotala mulibemo. Pafunika kalata ya dokotala yatsopano, khadi ya katemera wa yellow fever, ndi viza ya mayiko amene sitima ikaime, ngakhale musakufuna kutsikako. Viza ya Schengen yokha, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya, ndi ma euro 90, ndipo akakukanani sabweza.

Chimene chimamaliza anthu ndi tsiku lonyamuka. Bwana wa sitimayo ndi katundu, osati inu. Akuuzani Lachiwiri, ifika Lamlungu. Mwina ilumpha doko lanulo osaimako nkomwe. Masiku onsewo mukugona malo olipira mumzinda wa eni, mukudya ndalama ya m'thumba, palibe wokubwezerani ngakhale tambala. Ikaima pa doko ndi maola ochepa chabe, ndipo mukachedwa m'tauni siikudikirani.

Tsono za kugwira ntchito kuti mulipirire ulendo, iwalani. Palibe kaputeni angakupatseni ngakhale tsache opanda satifiketi ya STCW, yosonyeza kuti munaphunzira kuzimitsa moto, kudzipulumutsa m'madzi ndi chithandizo choyamba, komanso buku la amalinyero. Pangano la Maritime Labour Convention la 2006 limaletsa kulipiritsa munthu kuti apeze ntchito pa sitima. Zolipira inu ndi pasipoti, kupimidwa kwa dokotala ndi bukulo; viza amalipira mwini sitima. Ndiye amene akukupemphani ya "fomu", ya "yunifomu", ya "kutsegulira fayilo" pa foni, ndi mbava. Ayamba ndi K50,000, mukatumiza akuti kwatsala ya inshuwalansi, kenaka nambala yake siikupezekanso. Chakomachakoma pusi anagwa chagada, achimwene.

Ejenti woona wokonza maulendo a pa sitima alipo, koma ndi mmodzi pa gulu, ndipo mudzamudziwa chifukwa amayamba ndi kukugwetsani mphwayi. Akufunsani ngati muli ndi viza musanatchule za ndalama. Akupatsani dzina la sitima ndi nambala yake ya IMO (bungwe loona za sitima pa dziko lonse), ya manambala 7, imene mungaifufuze pa intaneti nkuona pamene sitimayo ili lero. Malo akasowa amangoti palibe, osalandira kanthu. Dobadoba mukamufunsa nambalayo amakutumizirani chithunzi cha sitima yaikulu yopakidwa penti, nkuyamba kukalipa kuti simukumukhulupirira.

Ena amanyengedwa kuti akafika pa doko akalankhula ndi alonda. Kuyambira 2004 madoko akuluakulu ali ndi malamulo okhwima a chitetezo. Ngati dzina lanu silili pa mndandanda wa sitimayo, simudutsa pageti. Apa ndi pamene wina amakunong'onezani za kubisala mu kontena. Amayi, muwauze ana anu izi. Kontena imatsekedwa ndi kunja, mkati mulibe chogwirira. Imaikidwa pansi pa zinzake zambirimbiri kwa masabata, dzuwa likuwotcha chitsulo, madzi mulibe. Katundu wonga fodya ndi chimanga amamuthira mankhwala a phosphine ophera tizilombo, omwe aja a mapiritsi amene timawaopa m'nkhokwe. Munthu akaupuma mpweya umenewo m'malo otsekeka, otsegula chitseko ku doko linalo amapeza mtembo.