Girisi wa kopa kapena wa seramiki pa mabuleki a galimoto yaliwiro

Posintha mapadi a mabuleki pa galimoto yaliwiro, monga Porsche 911 kapena Subaru WRX STI, makaniko amasankha pakati pa girisi wa kopa ndi wa seramiki. Onse awiri amapakidwa mopyapyala kumbuyo kwa padi ndi m'mbali mwake momwe chitsulo chimakhulana ndi kalipa (chipangizo chopanikiza mapadi pa disiki ya mabuleki), ndipo sayenera kufika pa disiki kapena pa mbali ya padi yogwira disikiyo ngakhale pang'ono.

Wa kopa ndi wotsika mtengo ndipo savuta kupeza, n'chifukwa chake magalaja ambiri anamuzolowera. Koma makalipa a kampani ya Brembo a galimoto zoterezi ndi a aluminiyamu, ndipo kopa akakhalitsa pa aluminiyamu pamalo ofika madzi, makamaka a mchere, aluminiyamuyo amayamba kudyeka. Kuwonjezera apo, mafuta a girisiyu kawirikawiri amatupitsa labala wotchinga fumbi pa pisitoni ya kalipa yokankha padi, moti labalayo amafewa, kutuluka m'malo mwake, kenako dothi limalowa ndipo pisitoni imayamba kukanirira.

Wa seramiki mulibe tizitsulo, choncho sawononga aluminiyamu, ndipo amapirira pamene disiki yatentha kupitirira madigiri 500 pabwalo la mpikisano. Ndi wokwera mtengo, komabe kachubu kamodzi kamakwanira ntchito zambiri. Ine ndimasankha ameneyu mosazengereza, chifukwa kalipa wotere ndi wodula kwambiri poyerekeza ndi girisi. Mapadi amene amabwera ndi timbale tomatira kumbuyo toletsa kulira, pamenepo sapakidwa kanthu, chifukwa girisi amalepheretsa guluu kugwira.