Batire ya lithium ya sola, 12V 100Ah: yodula koma ikugwira ntchito

Ndinaigula pa shopu ina ya zasola ku Limbe batire yanga ya asidi itafa. Yatsopanoyi ndi ya mtundu wa lithium wotchedwa LiFePO4. Chodabwitsa choyamba ndi kupepuka: makilogalamu ngati 12, pomwe yakale ija tinkanyamula awiri. Magetsi akazima, mababu anayi, TV ndi kutchaja mafoni zimafika mpaka m'mawa. Zothira madzi ndinaiwala.

Mtengo ndiye wowawa, unandithyola msana. Wogulitsa akuti vuto ndi dola, ndipo sakunama kwenikweni. Chimene chimandinyansa n'chakuti miyala yake ili konkuno kwathu ku Africa. Lithium amakumba ku Bikita ku Zimbabwe, graphite yomwe imakhala mkati mwa mabatirewa yapezeka yambiri ku Kasiya, m'boma la Lilongwe. Koma kuyenga ndi kupanga kumachitikira kwambiri ku China, ife n'kumagula ndi ndalama zakunja.

Chenjezo limodzi: chaja yakale ya asidi siyenderana nayo bwino, pamafunika charge controller (kachipangizo kowongolera magetsi olowa mu batire) yodziwa lithium. Mnyamata wa pashopupo sanandiuze mpaka nditafunsa ndekha. Waranti anandilembera pa risiti, koma muumirire, sangoperekapo.