Kwa a Madala ku Mabvuku, kumene timaonera mpira wa ku America usiku

Kuseri kwa mashopu ku Mabvuku kuli kabala kamene Lamulungu usiku kamaonetsa mpira wa ku America, uja wa NFL, wa zipewa zolimba ndi mpira wosongoka uku ndi uku. Chikwangwani palibe. Tonse timangoti kwa a Madala, chifukwa eni ake ndi bambo achikulire amene makolo awo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito kuno, ndipo ambiri amene timaunjikana kuchipinda chakumbuyo timacheza m'Chichewa, Chishona n'kumangolowerera apo ndi apo. Anzanga a kuntchito ku Msasa akhala akundifunsa ngati malowa ndi oyenera kuwatayira tulo. Inde ndi oyenera, koma mupite mukudziwa zimene mukakumane nazo.

Choyamba ndi nthawi. Masewero oyamba a Lamulungu amayamba 7 koloko madzulo kuno ku Harare, ndipo kuyambira mu Novembala, a ku America akabweza mawotchi awo, amayamba 8 koloko. Apa ndiye pali dandaulo langa lalikulu. Nthawi imeneyo mpira wa ku England umakhala usanathe, ndipo TV yaikulu imakhala m'manja mwa anyamata a Arsenal ndi Liverpool mpaka wezulo yomaliza. Ife timayamba kuonera pa kaTV kakang'ono ka pakona, kopanda mawu, makosi titakweza. A Madala sindiwaimba mlandu kwenikweni, pakuti anyamata ajawo ndi amene amagula mowa wambiri. Koma mukafuna kuona bwino kuyambira pachiyambi, bwerani ku masewero achiwiri, amene amayamba cha m'ma 10 kapena 11 usiku, phokoso litachepa.

Za magetsi musade nkhawa. Padenga pali sola, mabatire ali m'kabati kuseri kwa kauntala, ndipo jenereta imadikirira panja. Dera lonse likhoza kukhala mu mdima, koma ESPN ya pa DStv imangoyendabe.

Komatu TV ndi magetsi mungazipezenso kwina. Chimene chimandibweretsa kuno ndi eni malowo. Mlendo akangokhala pansi, a Madala amamuyang'ana kanthawi kenako n'kufunsa kuti, "Achimwene, maso anu ali pa ndani?" Aliyense amayankha kuti ali pa woponya mpira, quarterback. Iwo amapukusa mutu. "Ndiye kuti simunayambe kuonera. Yang'anani zimphona zisanu zili kutsogolo kwakezo, ndi zinzawo zinayi zikufuna kudutsazo. Chikho chimapita kumeneko." Akatero amaimitsa chithunzi ndi rimoti, n'kuchibwezera m'mbuyo, n'kukulozerani ndi chala pomwe wina waterereka phazi. Ena zimawanyansa, makamaka amene abetcha, koma ine mpirawu ndinayamba kuumva chifukwa cha chala chimenecho.

Kwa amene simunazolowere, matimu alipo 32, ogawidwa m'magulu awiri, AFC ndi NFC. Timu iliyonse imasewera masewero 17 kuyambira mu Seputembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale, kenako matimu 7 a mbali iliyonse amalowa m'ndime yochotsana. Kumeneko kulibe zoti tikabwezera kwathu ngati mu mpira wathu wa CAF. Wagonja kamodzi, longedza. Opambana mbali ziwirizo ndi amene amakumana mu Super Bowl mu Febuluwale. Funso limene timakanganirana chaka chonse kuchipinda chija ndi lomwelo: timu imafunika chiyani kuti ifike kumeneko? Pakuti pali matimu anayi, Cleveland, Detroit, Houston ndi Jacksonville, amene sanapondeko n'kamodzi komwe, pamene ena amangopitapita.

Usiku umene mfundo ya a Madala inaonekera poyera unali wa Super Bowl ya pa 9 Febuluwale 2025 ku New Orleans, ngakhale kwa ife linali kale Lolemba, 1:30 usiku. Chipinda chonse chinali cha Kansas City Chiefs. Anali atatenga chikho zaka ziwiri zotsatizana, anapambana masewero 15 mwa 17, ndipo anali ndi katswiri woponya, Patrick Mahomes. A Madala okha ndi amene ananena kuti Philadelphia Eagles iwaphwanya, ndipo chifukwa chawo chinali chimodzi: kumanzere kwa mzere wa zimphona zisanu zoteteza woponya wa Kansas City kunali kotayikira, moti anachita kusuntha Joe Thuney pamalo ake a nthawi zonse kuti akatseke kumeneko. Tinawaseka. Pofika pa nthawi yopuma zinali 24 kwa 0. Mahomes anagwetsedwa kasanu ndi kamodzi mpira uli m'manja, anaponyera adani kawiri, ndipo umodzi mwa mipira imeneyo Cooper DeJean wa Philadelphia anathamanga nawo mpaka kukagoletsa, pa tsiku lake lobadwa. Chimene a Madala ankatibwezera mobwerezabwereza pa TV n'chakuti Philadelphia sinkatumiza anthu owonjezera kukathamangitsa Mahomes. Anayi akutsogolo okhawo ankakwanira, ndiye asanu ndi awiri otsalawo ankangotseka njira za olandira mpira. Woponya akasowa nthawi, asowenso woti amuponyere, ngakhale akhale katswiri wotani amaoneka ngati wophunzira. Zinatha 40 kwa 22, ndipo mapointi ambiri a Kansas City anabwera nkhani itatha kale.

Sikanali koyamba. Mu Febuluwale 2021 Kansas City yomweyo inalowa mu Super Bowl osewera ake awiri otchinga m'mphepete mwa mzere, Eric Fisher ndi Mitchell Schwartz, atavulala. Tampa Bay ya woponya Tom Brady inawakwapula 31 kwa 9, Kansas City osapeza touchdown (kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo la adani) ngakhale imodzi. Chaka chomwecho akuluakulu a Kansas City anamanganso mzere wonse, kugula Thuney uja ndi kusankha anyamata atsopano, Creed Humphrey ndi Trey Smith, ndipo zikho ziwiri zinatsatira. A Madala amakonda kunena kuti nyumba siiyambira kudenga, ndipo pankhani imeneyi ndilibe chowatsutsa.

Pomwe ndimasiyana nawo ndi pamene ayamba kulankhula ngati woponya ndi munthu wamba. Ayi ndithu. Brady anatenga zikho 7, chomaliza ali ndi zaka 43, ndi matimu awiri osiyana. Zimenezo si zimphona zokha. Ndipo onani zimene zinachitikira San Francisco mu Januwale 2023, pa sewero lolowera mu Super Bowl. Timu inali yokwana mbali zonse, koma woponya wawo Brock Purdy anavulala chigongono koyambirira, womulowa m'malo Josh Johnson naye anagundidwa mutu n'kutuluka, basi timu inatsala yopanda woponya ndipo inagonja 31 kwa 7. Ndikawakumbutsa zimenezi a Madala amayankha kuti, "Nanga amene anavulaza Purdy ndani, mwanawe? Si uja anadutsa pamzere?" Ndiye mkangano umabwerera pomwe unayambira, ndipo munthu umangoitanitsa botolo lina.

Chimene timagwirizana tonse n'chakuti pofika mu Januwale palibe timu imene imakhala yathunthu. Mpirawu ndi wogundana, ndipo pa osewera 53 amene timu imaloledwa kukhala nawo, amene amakupulumutsa nthawi zambiri ndi uja unamuiwala pabenchi. Philadelphia inataya woponya wake Carson Wentz mu Disembala 2017 atavulala bondo, anthu n'kuiika m'manda, koma Nick Foles analowa n'kukagonjetsa New England 41 kwa 33 mu Super Bowl. Timu youmira ndalama pa woponya wachiwiri ikanathera pomwepo.

Ndalamazo ndiye nkhani imene anyamata ozolowera mpira wa ku Ulaya amavutika kuimvetsa. Ku NFL wolemera sangagule aliyense amene wamufuna. Pali malire a malipiro amene timu iliyonse siyenera kupyola, ndipo mu 2024 anali madola 255.4 miliyoni. Ukamulipira kwambiri woponya wako, uyenera kudula kwina. N'chifukwa chake Kansas City inalola wolandira mpira Tyreek Hill kupita ku Miami mu 2022, ndipo Philadelphia itangotenga chikho inataya Josh Sweat ndi Milton Williams, omwe aja anasautsa Mahomes, wina ku Arizona wina ku New England. Ndiye timu yofuna kufika patali iyenera kudziwa kutola anyamata otchipa ochokera ku makoleji, ndi kuwaphunzitsa. Chitsanzo chimene a Madala amachinyadira ndi Jordan Mailata, wa ku Australia, amene ankasewera rugby ndipo anali asanasewereko mpira wa ku America pamene Philadelphia inamusankha chakumapeto kwenikweni mu 2018. Lero ndi amene amateteza msana wa Jalen Hurts, woponya wa timuyo.

Palinso kumaliza pamwamba pa gulu lako. Timu yoyamba yokha ndi imene imapumula sabata yoyamba ya ndime yochotsana, kenako imasewerera pakhomo. Miami, timu ya kotentha, inapita ku Kansas City mu Januwale 2024 kuzizira kutafika madigiri 20 kunsi kwa ziro, n'kubwerako itagonja 26 kwa 7. Ife tinkaonera titavala malaya a manja aafupi, mvula ikugwa pamalata, tikuona nthunzi ikutuluka m'kamwa mwa anthu.

Chipindachi tsopano chapendekera ku Philadelphia, osati chifukwa cha chikho chokha. Mu 2025 timuyo inasankha Andrew Mukuba, mnyamata wobadwira konkuno ku Harare. Nate Landman nayenso, amene anayambira ku Atlanta kenako n'kupita ku Los Angeles Rams, anabadwira mumzinda uno. Mayina amenewa akangotchulidwa, ngakhale amene anali kuwodzera amadzuka.

Tibwere ku zam'mimba. Nsima ndi nyama yootcha n'zabwino, ndipo mayi amene amaphika amadziwa kuti ife a kwathu timafuna nsima yosalala, yosauma kwambiri. Masiku ena pamakhala matemba a ku Kariba okazinga ndi tomato, ndipo amenewo ndi amene ndingakulangizeni. Vuto n'lakuti khitchini imatseka cha m'ma 10, pamene mpira weniweni ukuyamba kumene. Kuchokera apo ndi mtedza ndi tchipisi ta m'mapaketi basi. Itanitsani mbale yanu msanga, muwapemphe akusungireni. Pa usiku wa Super Bowl pokha ndi pamene mbaula imayaka mpaka m'bandakucha, ndipo pamakhalanso tiyi, amene kwa ife osamwa kwambiri ndi chipulumutso, chifukwa masewero amodzi amadya maola atatu kapena kuposa, ndi malonda ochuluka pakatipakati. Mitengo ndi ya m'dera, simudzadabwa nayo. Amalandira madola ndi EcoCash, koma chenji chimavuta, ndiye tengani ndalama zing'onozing'ono.

Mipando ndi ya pulasitiki, ina yothyoka miyendo, ndipo msana umadandaula pofika m'ma 3 koloko. Chimbudzi chili panja ndipo getsi lake nthawi zambiri siliyaka, moti foni ndi imene imakhala tochi. Kwa amayi zimenezi si bwino konse, ndipo ndawauzapo a Madala. Mchemwali wanga anabwerako kudzaonera, anasangalala ndi mpira, koma anati sabweranso mpaka akonze kumeneko. Kunena zoona, kuchipinda chakumbuyo kulibe zachipongwe, pakuti a Madala salola munthu woledzera kwambiri kulowako.

Nkhani yomaliza ndi ya kabwereredwe. Masewero a usiku kwambiri amayamba itadutsa 2 kapena 3 koloko, ndipo nthawi imeneyo makombi kulibe. Ngati mumakhala ku Mabvuku kapena ku Tafara, gwirizanani ndi anzanu muyende gulu. Ochokera kutali, ku Highfield kapena ku Mufakose, bwerani ndi galimoto, kapena muvomere kukhala mpaka makombi oyamba ayambe kuyenda, ndipo a Madala sathamangitsa munthu. Super Bowl imatha cha m'ma 5 koloko m'mawa Lolemba, choncho amene mumagwira ntchito pemphani tchuthi cha tsikulo kudakali Januwale, ndipo mufike isanakwane 11 usiku ngati mukufuna mpando wa miyendo inayi.