Inshuwalansi ya galimoto: third party, comprehensive, ndi njira yapakati imene ambiri sitiifunsa

Chaka chatha mlamu wanga anagunda wa kabaza madzulo mvula ikugwa, iye ali pa Vitz yake akuchokera ku ntchito, wa njinga yamotoyo anathyoka mwendo ndipo mayi amene ananyamulidwa kumbuyo anavulala m'chiuno. Apolisi anabwera, anayeza, analemba lipoti, anthu anagonekedwa kuchipatala, alamu anakawazonda kangapo atanyamula ka shuga ndi sopo, tonse tinkaona ngati nkhani yatha. Patapita miyezi kunabwera envulopu yochokera kwa maloya. Alamu anandiimbira mtima uli m'malo ndithu akuti "ndili ndi inshuwalansi ine, akathana nawo okha." Nditafika tinatulutsa mapepala a policy, mgwirizano wawo ndi kampani ya inshuwalansi, mu kabati ka m'galimoto, anali opindika, ena ananyowapo, ndipo chigulireni anali asanawawerengepo. Pa tsamba lachiwiri panali mzere wa malire a ndalama imene kampani ingalipire, ndiye chimene maloya ankafuna chinali pamwamba pa mzere umenewo. Yotsalayo inali ya alamu, ya m'thumba mwawo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kufunsa funso limene tonse timafunsa pa kauntala loti "yotchipa ndi iti", ndiye ndati ndiike pambali ndi pambali zimene ndaona, chifukwa ambiri timayerekeza njira ziwiri zokha za inshuwalansi ya galimoto pomwe zilipo zitatu.

Tiyambe ndi third party wamba, uja timagula kuti tidutse pa rodibuloko. Lamulo la pamsewu, Road Traffic Act ya 1997, silimalola galimoto kuyenda pamsewu popanda inshuwalansi yoteteza anthu ena, nchifukwa chake a trafiki akakuimitsa amafuna laisensi, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi. Dzinalo likuchokera pa kuwerenga anthu: woyamba ndi iwe, wachiwiri ndi kampani, wachitatu ndi munthu wina aliyense amene wamuvulaza kapena wamuonongera katundu. Ndiye ndalama yako ukulipirira wachitatuyo basi. Galimoto yako ikaphwanyika, kupsa, kubedwa, kapena iweyo dalaivala ukavulala, third party sakudziwa, usavutike n'kupita ku ofesi kwawo ndi zithunzi za bampala yako.

Ubwino wake ndi woonekeratu, ndi yotchipa ndipo kwa munthu wa ka Starlet kakale kapena Corolla yoti mtengo wake watsika kale, kulipira comprehensive, ija yotetezanso galimoto yako, chaka ndi chaka kumakhaladi kopweteka. Komanso lamulo lomweli limalola wovulala kusumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji, nchifukwa chake pa milandu ya ngozi mumaona mayina atatu pa chisamani, dalaivala, mwini galimoto ndi kampani. Zimenezi zimathandiza kwambiri anthu ovulala omwe akanangosiyidwa m'manja mwa dalaivala wopanda kalikonse.

Koma vuto lake lili pa malire aja. Policy ya third party imakhala ndi magawo awiri, la anthu ovulala kapena kumwalira, ndi la katundu woonongeka, ndipo gawo lililonse lili ndi denga lake. Kwa zaka zambiri denga la gawo la anthu pa ma policy ambiri kuno linali K5 miliyoni, amene anawerengapo zigamulo za High Court za milandu ya ngozi anaionapo nambala imeneyi kambirimbiri. Gawo la katundu nthawi zambiri limakhala locheperapo kwambiri. Tsono ganizani, khoti likamawerengera chipukuta misozi silingoyang'ana bilu ya kuchipatala ayi, limawerengera ululu umene munthu wamva, chilema chimene watsala nacho, zinthu zimene sangathenso kuchita monga kulima kapena kupalasa njinga, ndipo ngati wamwalira limawerengera ana ndi mkazi amene amadalira iyeyo. Khoti silimachepetsa chigamulo chifukwa choti policy yako ndi yaing'ono. Kampani imalipira kulekeza pa denga lake n'kusamba m'manja, chotsala amatsata iwe, ndipo ukalephera ndi pamene masherifu amafika pakhomo kudzalemba mipando ndi firiji.

Ku mbali ya katundu ndiye kumandiopsa kwambiri masiku ano. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako 44 peresenti mu November 2023, ma spare onse timaitanitsa kunja, ndiye nyali imodzi yokha ya Fortuner kapena Hilux ya new shape mtengo wake ukhoza kukudabwitsa. Tayerekezani mwaterereka pa Chichiri roundabout kapena pa interchange ya Area 18 n'kulowa kumbuyo kwa Prado, chitseko chakumbuyo, bampala, nyali ziwiri, penti, mwina ndi ma sensor, mwini wake akukana ma spare a pamsika akufuna a kwa dila. Ngati denga la katundu pa policy yanu linalembedwa kalekale kwacha isanagwe, likathera pa nyali. Ndipo si magalimoto okha, mpanda wa munthu, polo ya ESCOM, okala ya pambali pa msewu, zonsezo ndi katundu wa third party.

Tsopano comprehensive. Iyi imatenga zonse za third party n'kuonjezera galimoto yakoyo, ngozi kaya wolakwa ndiwe kaya ndi wina, moto, kubedwa, ena amaikanso galasi lakutsogolo ndi kukoka galimoto ikafa pa ngozi. Mtengo wake amawerengera pa mtengo wa galimoto, peresenti inayake pa chaka, ndiye galimoto ikakhala yodula premium, ndalama imene umalipira ku kampani, nayo imakwera. Ngati munagula galimoto pa ngongole ya ku banki mulibe chosankha, banki imafuna comprehensive mpaka mutamaliza kubweza chifukwa galimotoyo ndi chikole chawo.

Chimene ndimaikondera kwambiri ine si nkhani ya kubedwa, ndi nkhani ya akakugunda wina. Ukakhala ndi third party yokha, wina n'kukuomba, umayenera kuthamangitsana ndi kampani yake, kudikira lipoti la apolisi lonena kuti wolakwa ndi iyeyo, kupeza ma quotation a ku galaja, kenako n'kumva kuti denga lake la katundu ndi lochepa. Nanga akakhala wa kabaza wopanda laisensi wopanda inshuwalansi, amene angogwada n'kumati bwana pepani, mutenga chiyani kwa iyeyo? Ndi comprehensive kampani yako imakukonzera, ndipo kulimbana ndi wolakwayo imakhala ntchito yawo. Kwa munthu amene galimoto ndiye miyendo yake, kupita nayo ku ntchito, kusiya ana ku sukulu, kusiyana kumeneku ndi kwakukulu.

Koma nayonso ili ndi minga yake ndipo ma agent ena sanena pogulitsa. Choyamba ndi excess, ndalama imene umayamba walipira wekha pa claim iliyonse, ndiye kuti ukapempha kampani kuti ilipire, ndiye kukalika pang'ono pa chitseko ambiri amangokonzetsa okha chifukwa mtengo wake sufika n'komwe pa excess, komanso ukachita claim umataya discount imene amapereka kwa amene sanachite ngozi. Kwa madalaivala achichepere kapena amene laisensi yawo ndi yatsopano excess imakonda kukhala yokwererapo. Chinanso ndi mtengo umene unalembetsa. Ambiri timatchula mtengo wotsika kuti premium ichepe, kapena timangosiya mtengo womwe tinagulira ku Japan zaka zinayi zapitazo, pomwe lero galimoto yomweyo pamsika yakwera. Tiyerekeze munalembetsa K6 miliyoni pomwe lero ikugulidwa K12 miliyoni, ikaphwanyikiratu sadzakupatsani kuposa K6 miliyoni imene munalemba, achotseponso excess, chiphakasacho n'kutenga iwo, ndipo makampani ena ngakhale pa ngozi yaing'ono amadula malipiro molingana ndi mmene munachepetsera mtengo. Ndiye comprehensive yolembedwa pa mtengo wakale ndi theka la chitetezo.

Ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ineyo ndinkaganiza molakwika kwa zaka: kukhala ndi comprehensive sikutanthauza kuti mbali ya anthu ena ilibe malire. Mawu oti comprehensive akunena za galimoto yako. Gawo la third party m'kati mwakemo lili ndi denga lakenso, nthawi zina lofanana ndendende ndi la uja wagula yotchipa. Munthu ukhoza kulipira premium yaikulu, galimoto yako n'kukonzedwa bwinobwino kuoneka yatsopano, koma mlandu wa munthu amene unamugunda n'kukutsata mpaka kunyumba.

Njira yachitatu ndi imene sindimva anthu akuikamba: third party yokweza malire. Umapita ku kampani kapena kwa broker n'kunena kuti ndikufuna mukweze denga la anthu ovulala komanso la katundu, amakuwerengera ndalama yoonjezera, ndipo poyerekeza ndi premium ya comprehensive imakhala yochepa. Galimoto yako sikhala yotetezedwa, zoona, koma chimene chingakugwetseretu munthu pansi si kutaya Vitz ayi. Vitz ikatha umadziwa kuti wataya zingati, umakwera minibasi chaka chimodzi n'kuyambiranso. Mlandu wa munthu wolumala kapena womwalira sudziwa kuti ulekeza pati, ndipo ngati anali anthu atatu kapena anayi ndiye nkhani ina. Palinso ija amati third party fire and theft, yoonjezera moto ndi kubedwa, ndi yabwino kwa amene galimoto imagona panja, koma pa nkhani ya malire siisintha kanthu pokhapokha mutapempha.

Ine ndikanati ndisankhire munthu, wa galimoto yakale yoti akhoza kupirira itatayika atenge third party koma akweze malire onse awiri. Wa galimoto yatsopanoko kapena ya ngongole atenge comprehensive, alembetse mtengo weniweni wa lero, ndipo nayenso afunse za denga la third party, asangoona dzina. Third party wamba wopanda kukweza kalikonse ndimamuona ngati chiphaso chodutsira pa rodibuloko, amathandiza ndithu pa ngozi zing'onozing'ono koma ndi wosadalirika tsiku loipa.

Pali zinthu zimene zimagwetsa zonse zitatu mofanana, kaya munalipira yodula bwanji. Woyendetsa wopanda laisensi kapena laisensi ya kalasi ina, kuyendetsa utamwa, ndi kugwiritsa galimoto ntchito imene simunalembetse. Chomalizachi chikukhudza anthu ambiri kuposa mmene tikuganizira, ma Sienta ndi ma Freed angati akunyamula anthu pa ndalama m'misewu ya Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba pomwe policy inalembedwa private? Tsiku limene tayala lidzaphulike pa M1 muli anthu eyiti m'kati, kampani idzatsegula pa tsamba la ntchito ya galimoto, ndipo nkhani ya okwera imakhala ndi gawo lakelake lofunika kulipiridwa padera. Ngati mukupanga taxi nenani kuti ndi taxi, premium ikwera inde koma mukhala mukulipirira chinthu chenicheni. Komanso ngozi ikachitika musathamangire kusainirana kapepala kovomera kulakwa pamsewu pompo kapena kulonjeza ndalama, itanani apolisi, jambulani zithunzi, dziwitsani kampani msanga chifukwa policy imakhala ndi masiku ake operekera lipoti.

Za kugula kwa anyamata oyendayenda panja pa maofesi a Road Traffic, chonde samalani, mapepala abodza alipo. Makampani ovomerezeka amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, monga NICO General, General Alliance, UGI, Britam, Reunion ndi ena, ndipo mukagula kudzera kwa agent palibe cholakwika kuimbira ku ofesi yaikulu kufunsa ngati nambala ya policy yanu ilidi mu kompyuta mwawo. Ndipo funani policy yonse, osati ka satifiketi kokha.

Kwa amene mumadutsa boda, third party ya kuno imathera pa boda. Ku Zambia kudzera pa Mchinji kapena ku Tanzania kudzera pa Songwe anthu amagwiritsa Yellow Card ya COMESA, third party yogwira ntchito m'mayiko angapo, imene mumagula konkuno musananyamuke, pomwe ku Mozambique ambiri amagula third party ya komweko pa boda. Abale a ku Joni musatengere za uko, ku South Africa ovulala pa ngozi amalipiridwa ndi Road Accident Fund imene ndalama zake zimachokera pa mtengo wa mafuta, koma thumba limenelo sililipira galimoto kapena katundu woonongeka, ndiye mukabwera ndi galimoto pa holide ya Khirisimasi musaganize kuti kunonso zili choncho. A ku UK nawo anazolowera zina, kumeneko lamulo silimaika denga pa anthu ovulala, ndipo la katundu ndi £1.2 miliyoni, kotero akamagulira makolo galimoto kuno amangoti "third party ikwanira" osadziwa kuti third party ya kuno ndi yosiyana kutalitali.

Alamu aja anamaliza kulipira gawo lawo pang'onopang'ono, maloya atavomera kuti azipereka mwezi ndi mwezi, koma poloti imene ankafuna kuyamba kumanga inagulitsidwa. Inshuwalansi yawo itatha tinapitira limodzi ku ofesi, anafunsa mtengo wokwezera malire onse awiri, mayi wa pa kauntala anatenga kakyuleta n'kuwaonetsa, ndipo alamu anakhala chete kanthawi chifukwa ndalama yake inali yoti akanakwanitsa kuyambira kalekale. Yanga ikutha mwezi wa mawa, ndajambula kale tsamba la malire pa foni kuti ndikafunse makampani atatu pa nambala zomwezo ndisanalipire.