Kapinga woyala kapena wobzala?

Kapinga woyala, uja amabwera m'zidutswa ndi dothi lake lomwe, amakongoletsa pabwalo tsiku lomwelo. Koma ndi wodula, ndipo sapirira ludzu. Milungu iwiri yoyambirira muzimuthirira m'mawa ndi madzulo mpaka dothi la pansi linyowe. Mukangodumphitsa tsiku limodzi pa dzuwa la Okutobala, m'mphepete mwa zidutswa mumauma, mipata n'kutseguka. Osamupondaponda. Mukamukoka iye n'kukana kuzuka, ndiye kuti mizu yagwira. Mutcheteni, koma pamwamba pokha.

Wobzala timphukira ngotchipa, mungopempha kwa aneba. Chowawa n'kupalira, chifukwa udzu wina umamera m'mipata kwa miyezi iwiri kapena itatu asanatseke. Komabe ngati madzi a pampopi amavuta kwanuko, ine ndingakulangizeni kudikira mvula ya Disembala n'kubzala timphukirato.