Type 14, Type 94 kapena volovolo ya Type 26: ya ku Japan yoyamba kugula ndi iti?

Amene wayamba kukopeka ndi mfuti zing'onozing'ono zimene asilikali a ku Japan ankanyamula pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse amapezeka akusankha pakati pa zitatu: Nambu Type 14, Nambu Type 94 ndi volovolo ya Type 26. Zina zilipo, monga Baby Nambu ndi Hamada, koma mitengo yake ndi ya ampondamatiki. Musanafunse mtengo, dzifunseni kaye ngati mukufuna yokawombera ku bwalo loyeserera kuwombera Loweruka kapena yongosunga m'kabati, chifukwa mfuti zitatuzi siziyankha funsoli mofanana.

Type 14 ndi imene anthu ambiri amatanthauza akamati Nambu. Asilikali anaivomereza mu 1925, chaka cha 14 cha ulamuliro wa mfumu Taisho, ndipo mafakitale anaipanga mpaka nkhondo itatha mu 1945. Inachokera ku mfuti zoyambirira za katswiri wopanga mfuti Kijiro Nambu, zija osonkhanitsa a ku America amazitcha Grandpa ndi Papa. Anangochotsapo zokometsera zodula kuti ipangike msanga ndi motchipa. Zinapangidwa zoposa 250,000, n'chifukwa chake sivuta kupeza. Ambiri akaona kupendekeka kwa chogwirira chake amati ndi Luger (mfuti yotchuka ya ku Germany) ya ku Japan, koma mukaimasula muona kuti m'kati mulibe chibale chilichonse ndi Luger.

Ku bwalo ndi yokoma kwabasi. Imalemera magalamu pafupifupi 900, chokhethemulira chake n'chofewa, ndipo chipolopolo cha 8x22mm chilibe ukali, mphamvu yake ili cha m'ma .380 ACP, chipolopolo cha mfuti zazing'ono za m'thumba. Dzanja silidumpha, zipolopolo zimakagwera pamodzi. Msilikali wa ku Japan womenya nkhondo ku Burma kufooka kumeneku sikunamukondweretse, koma kwa ife olasa pepala ndi mwayi.

Mavuto ake amaoneka magazini ya zipolopolo 8 ikatha. Chimene chimagwira bolt (chitsulo chobwerera m'mbuyo mfuti ikalira, n'kukankhira chipolopolo china mu mpope) kuti ikhale yotsegula ndi kachitsulo ka m'magazini momwemo, ndiye masipuling'i awiri a mfutiyo amakhala akuipanikiza magaziniyo. Kuti ituluke muyenera kuisolola ndi mphamvu, ndipo ikangotuluka bolt imadzitseka yokha. Ngati izi sizinakwane, cha m'ma 1940 anawonjezera kasipuling'i kutsogolo kwa chogwirira kuti magazini asamagwe, ndiye ndi manja a thukuta ntchito imakula. Loko yake yoletsa mfuti kulira mwangozi nayo imazungulira theka la bwalo lathunthu, moti ndi chala cha dzanja lowombera simungaifikire, pafunika dzanja linalo. Koma chimene chimaliza anthu ndi firing pin, kachitsulo kosongoka komenya chipolopolo kuti chiphulike. Nsonga yake imathyoka msanga, ndipo sipuling'i yoikankha ndi yofooka, maka ikakalamba. A ku Japan eni ake ankadziwa zimenezi, moti m'chikwama chachikopa cha mfutiyi anasokeramo kathumba ka firing pin yapadera. Choncho osaikhethemula ilibe chipolopolo. Amene amawombera kawirikawiri amachotsa firing pin yoyambirira n'kuisunga pabwino, n'kuikamo yopangidwa masiku ano pamodzi ndi masipuling'i atsopano.

Pali mitundu iwiri yooneka ndi maso. Zakale zili ndi kamphete kakang'ono kozungulira chokhethemulira. Kuyambira mu 1939 anakakulitsa, asilikali a ku Manchuria atadandaula kuti chala chovala gulovesi sichilowa. Osunga amakonda za kamphete kakang'ono chifukwa cha kusalala kwa chitsulo, koma wa zala zikuluzikulu asankhe za mphete yaikulu.

Tsopano Type 94, imene mbiri yake inaipa kalekale. Nambala yake ikuchokera ku chaka cha 2594 pa kawerengedwe ka mafumu a ku Japan, chimene ndi 1934, ndipo anayamba kuipanga mu 1935. Zonse pamodzi zinakwana pafupifupi 71,000. Ndi yaifupi, yopepukirapo, magazini yake imalowa zipolopolo 6 za 8x22mm zomwe zija, ndipo inkakondedwa ndi oyendetsa akasinja ndi ndege, amene malo awo ndi opanikizika. Kukongola ayi, pamenepo sitingakangane.

Chimene chinaipitsa dzina lake ndi kachitsulo kotalika kotchedwa sear bar, kamene kamagwira hamala yomenya chipolopolo mpaka mutakoka chokhethemulira, ndipo kali poyera kumanzere kwa mfutiyo. Mfuti ikakhala yotchera, loko ili yotsegula, mukakanikiza kutsogolo kwa kachitsuloko imalira osakhudza chokhethemulira. Izi n'zoona, musaziyese ndi chipolopolo m'kati. Koma nkhani ija yoti anaipanga dala chotero kuti msilikali wonamizira kugonja awombere mdani akumupatsira mfuti, ineyo ndimaiika m'gulu la nthano za ogulitsa. Kachitsuloko kanangosiyidwa kunja chifukwa cha kapangidwe, ndipo loko yabwinobwino ikatsekedwa imakatchinga kuti kasasunthe. Vuto lenileni ndi loko yotha ndi ukalamba, ndiye ameneyo ndi malo oyamba kuwaona pogula.

Chimene onyoza satchula n'chakuti Type 94 imamenya chipolopolo ndi hamala yobisika m'kati, ndipo kumenya kwake n'kwamphamvu kuposa kwa Type 14. Sikana kulira kawirikawiri. Chogwirira chake chopyapyala chimakhala bwino m'dzanja laling'ono. Kuipa kwake kwa tsiku ndi tsiku kuli kwina: zoyang'anira n'zazing'ono zovuta kuona, ndipo kuimasula kuti muitsuke kumafuna manja atatu, limodzi kugwira chitsulo chapamwamba chili chokoka, lina kukanikiza firing pin, lina kukankha kachitsulo kopingasa. Zipangizo zake zosinthira nazo n'zosowa kuposa za Type 14. Pa ziwirizi, kwa wosunga, ine ndimati Type 94 ya m'ma 1930 ya chogwirira chakuda cha pulasitiki yakale yotchedwa bakelite ndi imene anthu amaipeputsa popanda chifukwa chokwanira.

Type 26 sindichedwa nayo. Ndi ya 1893, chaka cha 26 cha mfumu Meiji, yopangidwa ku Koishikawa mu Tokyo, pafupifupi 59,000 zonse. Imathyoka pakati n'kutaya zigoba zonse 6 kamodzi, ndipo mbali yake imatseguka ngati chitseko, munthu n'kumaona mmene zitsulo zikuyendera m'kati. Kuionetsa kwa alendo n'kosangalatsa. Kuwombera ndi nkhani ina. Hamala yake ilibe pokokera, kuwombera kulikonse ndi kukoka chokhethemulira cholimba kuyambira pachiyambi, ndipo silinda, muja mumakhala zipolopolo, imazungulira yokha ngati simukukoka, moti itha kubwerera pa chigoba chowombedwa kale. Inagwirabe ntchito mpaka 1945, komabe ndi ya m'kabati.

Chimene chimagamula zonse ndi zipolopolo. Za 8x22mm simungazipeze m'sitolo wamba; zimapangidwa mwa apo ndi apo ndi makampani ang'onoang'ono a ku America, ndipo zikapezeka ndi zodula. Owombera ambiri amadzipakira okha, ena kuumba zigoba kuchokera ku zigoba za zipolopolo za .357 SIG kapena .40 S&W. Ubwino wake ndi woti mukakonzekera Type 14 mwakonzekeranso Type 94. Volovolo ija imadya 9mm yakeyake ya ku Japan, yosiyana kotheratu ndi 9mm imene tinazolowera, ndipo kuti mupeze zigoba muyenera kudula ndi kupala za .38. Zipolopolo zenizeni za nthawi ya nkhondo musawombere. Wonga wake wakalamba, zimadyetsa mpope dzimbiri, ndiponso paketi yosatsegula ndi katundu wa osunga payokha.

Kokoma kwa ma Nambu awiriwa n'koti amanena okha tsiku lobadwa. Kudzanja lamanja kuli manambala monga 18.6. Yoyambayo ndi chaka cha mfumu Showa, mungowonjezera 1925, ndipo yachiwiri ndi mwezi, ndiye 18.6 ndi June 1943. Mukafika pa 19 ndi 20 muona nkhondo ikuipa pa chitsulo penipeni: zipsera za makina zosapala, zogwirira za matabwa osalemba mizere, utoto wongopaka. Osunga ena amazisaka zimenezi chifukwa cha mbiri yake, koma si zoti muzizitopetsa ku bwalo. Onaninso ngati manambala atatu omaliza a mfuti akufanana ndi a pa magazini, popeza mtengo umakwera kwambiri zikagwirizana. Magazini yachiwiri ya mfuti yomweyo inkadindidwa kadontho. Duwa la mfumu lija limapezeka pa mfuti zazitali za Arisaka musalifune pano, silinkadindidwa pa zimenezi.

Zambiri mwa mfutizi lero zili ku America, kumene zinapita m'zikwama za asilikali obwerera kwawo, ndipo ina ikakhala ndi kalata ya ofesala yoilola kutuluka, kalatayo imakweza mtengo. Ku Japan kweniko lamulo la 1958 sililola munthu wamba kusunga mfuti yotere. Nafenso nkhondoyo inatikhudza, poti asilikali a Nyasaland a King's African Rifles anakumana ndi a ku Japan ku chigwa cha Kabaw ku Burma mu 1944, mvula ili pakati. Anzathu okhala ku South Africa adziwe kuti Firearms Control Act ya 2000 ili ndi chiphaso chapadera cha osonkhanitsa, chimene chimafuna kuti munthu akhale membala wa bungwe lovomerezeka. Kulikonse kumene muli, yambani ndi chiphaso.

Wofuna kuwombera agule Type 14 ya mphete yaikulu ya pakati pa 1939 ndi 1943, ngakhale magazini yake ikhale ya nambala ina, chifukwa imatsika mtengo ndipo sizipweteka mtima ikakandika. Apite nayo kwa wokonza mfuti aone mpope ndi kachitsulo kotsekera bolt musanaikemo chipolopolo choyamba. Kachitsulo kameneka nthawi zina kamasowa m'mfuti zimene zinamasulidwa ndi anthu osadziwa, ndipo Type 14 imatheka kumangidwa n'kulira kalibemo, zimene zingaswe mfuti n'kuvulaza wowombera.